Chaka Chimene Achimwene Anamangiridwa Nyumba

Ku tchalitchi kwawo aliyense ankawatchula kuti Achimwene. Ana a Sande sukulu ankati Achimwene, amayi a kwaya ankati Achimwene, ngakhale abusa atsopano, munthu woti anabadwa iwo atayamba kale kumeta ndevu, nawonso ankangoti Achimwene. Dzinali linawagwira ali mnyamata weniweni, wa miyendo italiitali ndi mawu aakulu, ndipo linawakakamira mpaka imvi zinayamba kusuzumira m'mbali mwa makutu. Pa tchalitchi paja lamulo linali losavuta: ngati sunakwatire, ndiwe wachinyamata. Achimwene anali asanakwatire. Choncho anzawo ankalowa m'bungwe la achinyamata n'kutuluka, ena n'kudzabweretsamo ana awo, iwo ali momwemo ngati benchi.

Ntchito yawo inali ya m'sitolo ya zipangizo zomangira. Tsiku lonse ankakhala kuseri kwa kauntala, kuyeza misomali pa sikelo, kudula waya, kutsitsa zitini za penti pa shelefu ndi kukangana ndi amisiri obwera kudzabweza maloko amene athyola okha. Mayina a zinthu ankawadziwa onse, koma njerwa anali asanayalepo ngakhale imodzi. Ndiye chaka china achinyamata anagwirizana zoti pa tchuthi asamangoimba, azipita kumadera akutali kukamangira anthu ovutika ndi kukasewera ndi ana a kumeneko. Wina anafunsa kuti, "Nanga pakati pathu pano alipo wodziwa zomanga?" Maso onse anatembenukira kwa Achimwene, poti malaya awo ankachita kutuwa ndi fumbi la simenti. Iwo sanavomere, komanso sanakane. Anangokhosomola. Kukhosomola kumeneko n'kumene kunawapatsa udindo wa mmisiri wamkulu kwa zaka zoposa makumi awiri.

Ulendo wa chaka ndi chaka unkayenda mofanana. Ankakwera lole ya mpingo, achinyamata pamwamba pa matumba a simenti, kuimba njira yonse mpaka mawu kusasa. Akafika ankagona m'makalasi, anyamata uku atsikana uko, mkulu wa mpingo mmodzi pakati ngati mpanda. M'mawa kunali kumanga. Achimwene ankaima poonekera, pensulo pakhutu, tepi yoyezera m'chiuno, n'kumaloza. Khoma likayamba kupendama ankabwerera m'mbuyo, kutsinzina diso limodzi, n'kunena kuti, "Pulasitala adzabisa." Pulasitala akalephera kubisa ankati, "Penti adzabisa." Ndipo penti sankasowa, chifukwa abwana awo a kusitolo anali munthu wopatsa. Chaka chilichonse ankapereka kwa Mulungu zitini zonse za mtundu umene anthu anakana kugula, wobiriwira ngati ndulu. Mpaka lero ukaona kwinakwake kanyumba kobiriwira choncho, kotsamira mbali imodzi ngati kakumvetsera miseche, dziwa kuti Achimwene anadutsapo.

Masana kunali kwa ana, ndipo apa ndi pamene panali luso lawo lenileni, ngakhale iwo ankaliyesa chibwana chabe. Atsikana akamagawa mabaluni ndi mapepala ojambulapo, Achimwene ankagwada pansi n'kusanduka bulu. Ana ankawakwera pamsana, kuwakoka makutu, iwo n'kumalira mwaluso mpaka abulu enieni a m'deralo kuyankha. Mwana wamanyazi, uja wobisala kuseri kwa siketi ya mayi ake, pakutha pa sabata ankapezeka ali pakhosi pawo akulamula anzake.

Lole isananyamuke, achinyamata atsopano ankayamba aphunzitsidwa kaye. "Mwininyumba musamamufunse zambiri," ankatero Achimwene. "Munthu wovutika ukamufunsa chimene akufuna amachita manyazi, umangomuzunza. Mumupezere mpando pamthunzi, akhale, azionerera madalitso ake. Chithunzi choyamba muzijambula msanga asanakasinthe malaya, kuti kumpingo akaone pamene tinamupeza." Ntchito ikatha mwininyumba ankapatsidwa bulangete ndi ndowa, n'kupemphedwa kuti alankhulepo. Mawu amene anawafika pamtima kwambiri Achimwene anali a bambo wina wokalamba amene anayang'ana nyumba yake yatsopano kwa nthawi yaitali, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti, "Ana inu, mwandichitira zimene sindinapemphe n'komwe." Mawu amenewo anabwera nawo kumpingo, ndipo chaka chilichonse pofotokoza za ulendo ankawabwereza kuguwa, milomo ikunjenjemera.

Zokwatira sikuti sanaziganizirepo. Panali mtsikana wina wa kwaya, wa mawu okwera, amene anagwirizana naye mpaka makolo kudziwa. Achimwene anagula malo kumapeto kwa tauni, anakumba maziko, n'kumulonjeza kuti nyumba ikangotha, ukwati. Koma tchuthi cha kuntchito chinali chimodzi pa chaka, ndipo chinkathera pa nyumba za eni. Mtsikanayo ankapita nawo maulendo aja, ndipo poti ankachita chizungulire akakwera kumbuyo kwa lole, Achimwene eni ake ndi amene anamupemphera malo kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Misewu inali yaitali. Dalaivala anali wosakwatira, komanso anali ndi nyumba yofolera kale. Pa ukwati wa awiriwo, Achimwene ndi amene anapenta holo. Kuyambira pamenepo mkaziyo anthu ankamutchula kuti Mayi a Lole, ndipo patapita zaka anasankhidwa kukhala mlangizi wa achinyamata, n'kumakhalabe kutsogolo.

Maziko aja anakhala choncho. Pabalaza panamera mpapaya, kuchipinda chogona nkhuku za anthu zinkaikirako mazira. Achimwene ankachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, ndipo Lamlungu lililonse masana mlongo wawo wamkulu, mayi wa saluni, wapakamwa ngati lumo, ankabwera kudzawakolopera ndi kudzawanyoza.

"Iwe," ankatero mlongoyo akufinya chikolopa, "dziko lonse walimangira. Ukadzafa tidzangokuika m'maziko ako aja, poti ndi okumbakumba kale."

"Achemwali, kupatsa n'kuika."

"Kuika kuti? Ine ndikuona ngati unaika n'kuiwala pamene unaikapo."

Chimene chinawatsitsa pa udindo si lamulo la mpingo koma msana. Pa ulendo wina, atagwada kale pansi, anawakwera mwana wonenepa bwino, wa mphunzitsi wamkulu wa pamalopo, anzake n'kuunjikana pamwamba pake. Anthu anamva bulu akulira mosiyana ndi masiku onse, n'kuwomba m'manja kuti chaka chino Achimwene awonjeza luso. Anabwerera kwawo atagona chagada pa matumba opanda kanthu. Dokotala anawauza kuti asamanyamule chilichonse cholemera kuposa ketulo. Anawafunsa zaka zawo, ndipo atamva kuti avulala pa ulendo wa achinyamata, anafunsanso kachiwiri. Kusitolo anawapatsa mpando. Ndodo anagula okha, n'kumauza anthu kuti ndi yongoyembekezera. Ndipo ngati kuti zimenezo zinali zochepa, mwini zipinda zija anawauza kuti mwana wake akukwatira, akufuna malowo mvula isanayambe.

Nkhani imeneyi anauza mlongo wawo yekha. Anaiwala kuti kuuza mayi wa saluni n'chimodzimodzi kulengeza pa wailesi, komanso kuti Mayi a Lole ankamangitsa tsitsi komweko.

Lamlungu lina, nthawi ya zolengeza, anaimirira wapampando watsopano wa achinyamata. Anali mtsikana wa ku koleji, wa magalasi, amene onse ankangomuti Tcheya. Achimwene ankamukumbukira ali kamwana kolira akamakatsitsa pamsana. Tcheya anauza mpingo kuti lole yafa, ndipo mwina ndi Mulungu amene waipha dala kuti awatsegule maso, chifukwa ovutika sali kutali kokha ayi.

"Pakati pathu pompano," anatero, "pali bambo ena achikulire. Alibe mkazi, alibe mwana, thupi layamba kukana, ndipo posachedwapa akhala alibe pogona. Dzina sititchula, tingawachititse manyazi. Chaka chino tikamangira iwowo."

Mpingo unabuula ndi chisoni. Achimwene mtima unawawawa. Anayang'ana mabenchi a abambo kuti amuzindikire munthu womvetsa chisoniyo, koma abambo onse anali atawerama. Anadzuka pang'onopang'ono, atatsamira ndodo.

"Pepani, ndikuduleni mawu," anatero ndi mawu awo aakulu aja. "N'zamanyazi kuti munthu wotere takhala naye osamuona. Ine msanawu sukundilola kunyamula, koma kuloza ndiloza. Penti ndikapempha kwa abwana. Ndipo ndinene poyera: anthu ena amafika potere chifukwa chosaganizira za mawa ali anyamata. Koma ife si oweruza. Tiyeni tikawamangire bambo amenewa!"

Wina kumbuyo anatsamwa, amayi a kwaya anabisa nkhope m'mabuku a nyimbo, abusa anayamba kufunafuna chinthu pansi pa tebulo. Mlongo wawo, amene anakhala tsidya linalo, anangogwira kumutu.

Mapemphero atatha, Tcheya ndi Mayi a Lole anawatengera pambali.

"Achimwene," anayamba Tcheya, kenako anadzikonza, "kapena nditi ankolo. Bambo tikunena aja ndinu."

Achimwene anaseka. Ataona kuti akuseka okha, anasiya.

"Ine wachikulire? Si ndili m'bungwe lanu lomweli ine?"

"N'chifukwa chake tikukukondani," anatero Mayi a Lole mofatsa. "Maziko aja ine ndimawadziwa. Adikira mokwanira."

"Koma bwenzi mutandifunsa kaye."

"Tinaganiza zokufunsani," anayankha Tcheya, "koma tinakumbukira kuti munthu wovutika ukamufunsa amachita manyazi."



Sabata yonse Achimwene anayesa kukana, koma kukana madalitso ndi ntchito yovuta kuposa kuwapereka. Anapita kwa abusa, abusa anati kudzichepetsa kwawo kwawakhudza. Anapita kwa mkulu wa mpingo, mkuluyo anati njerwa zagulidwa kale. Potsiriza anadzitonthoza kuti nyumbayo ndi yawo, malowo ndi awo, mmisiri wamkulu ndi iwo, ndiye palibe chingalakwike. Nyumba yawo anali nayo m'mutu kuyambira kalekale: khomo loyang'ana kumsewu, khonde lalikulu loti azikhalapo akaweruka, zenera lotambalala pabalaza, makoma oyera ngati mkaka.

Achinyamata anafika Lolemba m'mawa akuimba, atanyamula makasu, mafosholo ndi wilibala yobwereka. Anawapeza Achimwene atafika kale, atavala malaya oyera osita bwino, pensulo pakhutu, tepi m'chiuno. Mnyamata wojambula zithunzi anawayang'ana n'kukanda m'mutu.

"Ankolo, mulibe malaya ena? Awawa mukuoneka ngati ndinu amene mukutithandiza."

Anawabwerekera juzi yakale ya mlonda wa pafupi, yobooka m'zigongono, n'kuwaimika pakati pa udzu wa m'maziko. Pensulo ndi tepi anawalanda mwaulemu.

"Musamwetulire, ankolo," anatero wojambulayo. "Kumwetulira ndi Loweruka."

Kenako anawapezera mpando pamthunzi wa mpanda, ndipo kuchokera pampando umenewo Achimwene anaona koyamba mmene ntchito yawo imaonekera munthu ukakhala pansi. Mmisiri wamkulu watsopano anali mnyamata wogulitsa mafoni, amene anasankhidwa chifukwa m'foni mwake munali kanema wa anthu akumanga. Anayamba n'kudula mpapaya wa pabalaza, zimene zinali zomveka. Kenako anadulanso mtengo wa mapeyala umene Achimwene anaubzala dala kuti uzidzapereka mthunzi pakhonde, poti unkatchinga njira ya wilibala. Khomo analiyang'anitsa kuseri, kumene kunali dzenje la zinyalala, chifukwa mchenga unali utatsitsidwa kutsogolo ndipo panalibe wofuna kuusuntha. Khonde anati alisiye, likuchedwetsa ntchito.

"Khomo likhale uku!" anakuwa Achimwene akudzuka.

Atsikana awiri anathamanga kudzawakhazika pansi. "Pumulani, ankolo. Inu muzingoonerera madalitso anu."

"Nanga khomalo simukuliona kuti likupita kumanzere?"

Wamafoni uja anabwerera m'mbuyo, n'kutsinzina diso limodzi. "Pulasitala adzabisa, ankolo."

Panalibe powadzudzulira. Ana aja anali ophunzira abwino, sanatayeko ngakhale liwu limodzi. Komanso, kunena chilungamo, ankagwira ntchito ndi mtima wonse. Tcheya manja anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, iye n'kungomangapo kansalu n'kupitiriza kusenza njerwa. Wamafoni anatseka kabizinesi kake sabata yathunthu. Mtsikana wina wosaka madzi anayenda maulendo osawerengeka kumpopi mpaka nsapato inaduka. Achimwene akafuna kukwiya ankaona zimenezo, mkwiyo n'kusowa pogwira.

Masana ana a m'deralo anasonkhana, poti ana ndi mabaluni sasowana. Mnyamata wina anayesa kukhala bulu, koma ankalira ngati chitseko chosowa mafuta, ndipo Achimwene anachita kuluma mlomo kuti asamuwongolere. Ali choncho, kanabwera kamtsikana kosweka mano akutsogolo, baluni ili m'manja.

"Agogo, akuti ndikupatseni."

Anacheuka kuti aone agogowo. Kumbuyo kwawo kunali mpanda wokha. Analandira baluniyo, ndipo anakhala nayo masana onse, poti munthu sungataye mphatso ya mwana anthu akuona. Ana anauzidwa kuti awajambule. Pa mapepala onse panatuluka munthu wopindika, wa ndodo, wopanda tsitsi, ena anamuwonjezera misozi. Kenako anawazungulira n'kuwaimbira nyimbo yowalimbitsa mtima, nyimbo imene iwo eni anaphunzitsa kumadera osawerengeka, ndipo sanadziwepo kuti ndi yaitali choncho.

Mlongo wawo anafika ataweruka kusaluni. Anayang'ana khoma, anayang'ana juzi, anayang'ana baluni.

"Suja unkati kupatsa n'kuika?" anatero. "Ndi izitu. Akukubwezera zonse, osatsalako ngakhale kamodzi."

"Achemwali, mwandigulitsa ndinu."

"Ine ndinangodandaula kwa kasitomala. Ukanakonda ukagone pansi pa kauntala? Khala chete, denga ndi denga."

Chiyembekezo chawo chomaliza chinali penti. Abwana a kusitolo atamva kuti nyumbayo ndi ya wantchito wawo wakale, anakhudzidwa kwambiri, ndipo anabwera okha ndi galimoto kudzatsitsa zitini. Achimwene anangoona zivindikiro, mtima n'kuti phwii.

"Bwana, woyera uja kulibe?"

"Woyera amagulidwa, Achimwene," anayankha abwanawo akuwasisita paphewa. "Uyu ndi amene mumamukonda inu. Zaka zonsezi simunapemphepo wina."

Loweruka mpingo wonse unabwera. Nyumba inaima pamenepo, yobiriwira ngati ndulu, itafulatira msewu ngati yakwiya nawo. Zenera la pabalaza linali pamwamba kwambiri moti munthu ukafuna kuona kunja unkayenera kukwera pampando. Chitseko chinkatseguka ukachinyamula pang'ono ndi bondo. Abusa anapemphera, anadula riboni, Mayi a Lole anapereka bulangete, Tcheya anapereka ndowa, wojambula anati tsopano akhoza kumwetulira. Kenako anawapempha kuti alankhulepo.

Achimwene anali atakonzekera. Anali ndi mawu okhudza khomo, mawu okhudza mtengo wa mapeyala, ndi mawu ena apadera okhudza juzi. Koma ataimirira anaona nkhope za ana aja zitawayang'ana, zotopa, zothimbirira ndi simenti, zikudikira. Tcheya anali ndi penti m'tsitsi ndi pa magalasi. Wamafoni anali atabisa kumbuyo chala chimene anadzimenya ndi hamala. Achimwene anatembenukira kunyumba ija, anaiyang'ana kwa nthawi yaitali, mutu unayamba kupukusika wokha, ndipo anangomva pakamwa pawo pakutuluka mawu.

"Ana inu, mwandichitira zimene sindinapemphe n'komwe."

Anthu anawomba m'manja. Tcheya analira. Mayi a Lole anakweza dzanja n'kuti ameni. Koma Achimwene anaima chilili, chifukwa aka kanali koyamba kuwamva mawu aja kuchokera m'kati. Anakumbukira nkhope ya bambo wokalamba uja, mmene anayang'anira pansi atalankhula, ndi mmene mkazi wake anamutsinira pamkono. Zaka zonsezo anali akulalikira dandaulo la munthu ngati umboni. M'mawa mwake Tcheya anawabwereza mawuwo kuguwa, milomo ikunjenjemera, ndipo Achimwene anakhala pabenchi akuyang'ana nsapato zawo.

Anasamukiramo, poti kwina kopita kunalibe. Mvula yoyamba inasonyeza kuti denga silinkadontha, zimene zinawadabwitsa, koma linali lopendekera mbali imodzi, ndipo madzi onse a padengapo ankalumpha mpanda n'kukagwera kwa aneba. Anebawo anali mayi wamasiye, wosoka zovala, wa ana awiri, amene makina ake anali m'kachipinda kogundana ndi mpandawo. Mvula itangokata, mayiyo anazungulira nyumba yonse kufunafuna khomo, ndipo atalipeza anagogoda ndi dzanja limodzi, dzanja lina litanyamula diresi la kasitomala likudontha.

"Odi kuno! Bambo, nyumba iyi anakumangirani ndani?"

"Achinyamata a kumpingo kwathu, mayi."

Mayiyo anayang'ana khoma, anayang'ana zenera, anayang'ana dzenje la zinyalala limene linali pakhomo penipeni.

"Munawalakwira chiyani?"

Achimwene anaseka. Anaseka mpaka msana unawakumbutsa za dokotala, n'kugwira felemu ya chitseko, misozi ili mbwee. Mayi uja anayesa kusunga mkwiyo wake, koma unamupulumuka.

"Musaseke, diresi la eni ili. Tipange bwanji?"

Funso limenelo linawasangalatsa, chifukwa panali patapita nthawi munthu asanawafunse maganizo awo pa nyumba yawo. Mawa lake anabwera kuchokera kusitolo ndi ngalande ya lata yolandira madzi a padenga, zomangirira zake ndi misomali yoyenera, poti mayina a zinthu ankawadziwa. Kukwera sakanatha. Amene anakwera makwerero ndi mayi wosoka uja, atamanga nsalu m'chiuno, misomali ili pakamwa ngati mapini, Achimwene atagwira makwerero pansi. Atayesa kuloza, mayiyo anawauza kuti agwire ndi manja onse awiri. Mayiyo asanakhome ankayeza kawiri, monga amachitira pa nsalu ya eni. Madzi anayamba kupita m'mbiya, ndipo anagwirizana kuti mbiyayo ikhale ya nyumba zonse ziwiri.

Mbiya ya anthu awiri imafuna kukambirana. Kukambirana kumafuna tiyi. Ana a mayiyo anayamba kudzalembera ntchito ya kusukulu pabalaza pa Achimwene, poti zenera lake silinkawalola kuona anzawo akusewera panja, ndipo anayamba kukhoza bwino m'kalasi. Mayiyo anasoka makatani a zenera lomwelo, n'kunena kuti sanasokepo katani lopachika pafupi ndi denga chotero. Mvula ya chaka chimenecho isanathe, mlongo wawo anali atayamba kale kudandaulira makasitomala kuti mchimwene wake wayamba kudzola mafuta onunkhira kukalamba kuno. Chilimwe chotsatira Achimwene ndi mayi wosoka uja anakwatirana, mwakachetechete, holo yosapenta. Bungwe la achinyamata linawatsanzika Achimwene ndi nyimbo, ndipo anakalowa m'bungwe la abambo, kumene anakapezeka kuti ndi watsopano pa onse, choncho ndi amene ankatumidwa kukayala mabenchi.

Patangopita milungu yochepa chichitikire ukwati, Achimwene ali pabalaza anamva nyimbo ikubwera kuchokera kumsewu. Anaidziwa. Achinyamata aja anazungulira nyumba mpaka kukhomo, Tcheya patsogolo, wamafoni atanyamula tepi.

"Ankolo, tabwera ndi mphatso ya ukwati," anatero Tcheya akumwetulira. "Taona kuti banja lakula. Tchuthi chikubwerachi tikuwonjezerani chipinda china, komanso tipentanso nyumba yonse."

Achimwene anamva mutu wawo ukuyamba kugwedezeka movomera, ngati mmene mutu wa munthu woleredwa bwino umachitira. Koma mkazi wawo anali atatuluka kale, tepi yake yosokera ili m'khosi.

"Zikomo kwambiri, ana anga," anatero. "Koma ayi."

Nyimbo inathera panjira.

"Ayi, anti?" anafunsa Tcheya, ngati akumva chinenero chachilendo.

"Ayi. Chipinda tikachifuna tiitana mmisiri. Ngati mukufuna kutithandiza, bwerani Loweruka mudzachotse mulu wa mchenga munausiya kutsogolo uja, mukwirire dzenje la zinyalalali, mukumbe lina kutali ndi khomo. Tiyi ndikuphikirani. Mukamaliza, ana anga awa masamu akuwavuta, amene amawadziwa akhale nawo pang'ono."

Achimwene anadikira kuti thambo ligwe. Anadikira kuti Tcheya alire, kuti wina anene za kusayamika, kuti nkhani ikafike kwa abusa. Tcheya anangokonza magalasi ake n'kufunsa kuti abwere ndi mafosholo angati.

Loweruka anabweradi. Mchenga unachoka dzuwa lisanafike pamutu, dzenje linakwiriridwa, wamafoni anapezeka kuti masamu amawadziwa kuposa njerwa. Anamwa tiyi atakhala pansi, akuseka, ndipo anapita akuimba mokweza kuposa mmene anabwerera.

Atatsala awiri, Achimwene anakhala pampando pafupi ndi makina osokera, akuonerera nsalu ikuyenda pansi pa singano. Kenako anafunsa.

"Kodi mayi, zimatheka kungokana choncho?"

Mkazi wawo sanaimitse makina.

"Inu mumayesa pakamwa n'pothokozera pokha? Tagwirani nsonga iyi, isakhudze pansi."

Achimwene anagwira nsongayo ndi manja awiri.